Malisiti Ofufutika a Ledisoni

Inu amene mumayenda msewu wa ku Dedza maso ali pafoni, tasendererani kuno mumve za Felesiya Kaphwiti wa ku Area 25. Sindikukukakamizani kukhulupirira ayi. Mwini wakeyo zinamutengera masabata awiri, ndipo mmene amakhulupirira n'kuti munthu atayenda kale mtunda wautali m'mphepo ya Julaye.

Mwamuna wake, Ledisoni, anali wosunga katundu pa kampani ina yomanga misewu. Munthu wa mapepala ameneyo! Ungogula machesi, iye akufuna lisiti. Pafoni yawo anaikapo pulogalamu yoyendetsera ndalama za pakhomo, zija zokhala ndi nzeru za makina: iwe ungojambula lisiti, yokha iwerenge chimene wagula, kumene wagula, tsiku ndi mtengo wake, n'kuchotsera pa ndalama zotsala. Madzulo akatha kudya amayala malisiti patebulo n'kumajambula limodzilimodzi, foni ikulira kuti ti! ti! Akajambula amaponya pepalalo m'katoni ya nsapato. Felesiya ankamuseka kuti tsiku lina adzapempha lisiti kwa mkulu wa mpingo akaponya chopereka.

Mwezi wa Juni, Ledisoni anangogwa kuntchito. Madokotala anati n'kuthamanga kwa magazi. Mmene Felesiya amafika kuchipatala n'kuti atamufunditsa kale kumutu.

Felesiya sanalire. Si kuti amadziletsa ayi, misozi yake sinabwere basi. Amayi a mpingo anamuzungulira, akulira mpaka mawu kusasa, iye ali duu pamphasa, akuyang'ana mwendo wa mpando. Akamuuza kuti imirira amaimirira, akamupatsa madzi amamwa. M'kati mwake munali zii, ngati m'nyumba imene anthu asamuka.

Kwawo kwa Ledisoni ndi kuseri kwa Lizulu, ndipo banja lawo lili ndi mwambo wake. Maliro akamachokera kutali, womwalirayo amauzidwa mtsinje uliwonse umene akuwoloka. Akapanda kuuzidwa, bokosi limapita koma iye amatsala pamlatho, kenako amatembenuka kubwerera kumene wachokera, poti njira imene akuidziwa ndi yomweyo. Anamufotokozera zimenezi ndi mlamu wake, a Nangozo, mlongo wamkulu wa Ledisoni, mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu, wa pakamwa posachedwa.

"Alamu, inu mukhale kutsogolo ndi dalaivala," anatero a Nangozo lole isananyamuke. "Mlongo wangayu mawu amene amawamva ndi anu, ife ankangotiyankha kuti eya eya. Pamlatho uliwonse muzimutchula dzina, muzimuuza kuti tikuwoloka, tiyeni. Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Ndipo anachitadi. Pa Lingadzi ananena, pa Lilongwe ananena, Nanjiri, Nathenje, Diamphwe, konseko ananena, ndi mawu ouma ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Atadutsa Chimbiya dalaivala anapisa m'thumba n'kumupatsa lisiti la mafuta amene anathira m'mawa. Manja a Felesiya anangochita zimene anazolowera kuona. Anatulutsa foni, nayala kapepalako pabondo. Lole ikugwedera, chithunzi chikukana, ayesenso, chikane, ayesenso. Pamene foni imati ti! anadzutsa mutu, n'kuona pagalasi la m'mbali mlatho wa Linthipe ukutsalira m'mbuyo. Kumbuyo amayi anali pakati pa nyimbo, palibe anaona. Felesiya anatsegula pakamwa, natsekanso. Sanauze munthu.

Anaika maliro, anameta, ndipo patatha masabata atatu anabwerera ku Lilongwe, kuntchito yake yolandira ndalama m'golosale ina ya ku Kanengo. Masana amagwira ntchito bwinobwino. Vuto linali madzulo akatha kudya, nthawi ija foni inkalira patebulo. Nyumba imangoti phee. Tsiku lina anakoka katoni ya nsapato ija pansi pa bedi, osati kuti amafunamo kanthu, koma kuti manja apeze chochita.

Mukudziwa mmene amachitira malisiti a m'masitolo: pakapita miyezi zilembo zimafufutika, pepala n'kutsala loyera mbee. Ambiri m'katonimo anali otero. Felesiya anatenga limodzi lopanda ngakhale kadontho, naliyala patebulo, najambula. Amangofuna kumva kulira kuja.

Ti!

Pafoni panalembedwa kuti: tiyi ndi banzi limodzi, K900, Chimbiya. Tsiku lake linali la tsiku lomwelo.

Anatembenuza pepalalo, naliunika ndi getsi. Loyera mbali zonse. Cham'munsi pafoniyo pulogalamu inasonyeza kumene yachotsa ndalamazo: pa mzere umene Ledisoni anautcha "Za m'thumba mwanga". Panali K9,600, tsopano patsala K8,700. Felesiya anayang'ana nambalayo kwa nthawi. Kenako anakumbuka kuti suti imene anamuveka m'bokosi ndi imene anavala ku ukwati wa mnzake mwezi wa Meyi, ndipo thumba la m'kati palibe analipisa. Anatsuka mbale, nakagona.

M'mawa anaonetsa a Mtambalika, owerengera ndalama pagolosalepo, bambo woti chilichonse amachidziwa kapena amaoneka ngati akuchidziwa.

"Aa, mayi Kaphwiti, izi zisakusowetseni tulo," anatero akukankhira magalasi pamphuno. "Makina amenewa akalephera kuwerenga safuna kuvomera kuti alephera. Amapeka. Atenga zimene bambo ankagula kale, asakaniza, basi akupatsani. Komanso taganizani, tiyirumu ya pa Chimbiya inayamba liti kupereka lisiti?"

Anaseka okha. Felesiya anavomera kuti n'zoona, tiyirumu sipereka lisiti.

Madzulo anajambula lina. Patapata, K3,500, Chimbiya. Apa mpamene anaika foni pansi pang'onopang'ono. Ledisoni moyo wake wonse sanagulepo patapata, ankati n'za kubafa kwa alendo. Koma m'bokosi muja anagona ndi masokosi okha, nsapato zake zakuda zinali apo kuseri kwa chitseko, zopolishidwa.

Anayesa kujambula lachiwiri tsiku lomwelo, foni inakana, inati palibe chowerenga. Lisiti lachitatu chimodzimodzi. Imalola limodzi patsiku.

Kuyambira pamenepo moyo wa Felesiya unasanduka wodikira madzulo. Akaweruka samaimanso kucheza ndi aneba, amangolowa, kuphika, kudya choimirira, n'kukoka katoni. Bandeji ndi mapiritsi a mutu, K1,200, Diamphwe. Tiyi wopanda banzi, K500, Diamphwe. Tiyi wopanda banzi, Kamphata. Mayina a malowo amabwera motsatana mmene alili pamsewu, kulowera ku Lilongwe, koma pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu wopweteka mapazi.

Ndipo mapepalawo anayamba kusintha. Katoni imakhala pansi pa bedi, m'chipinda chotseka, koma lisiti la tsikulo limatuluka lozizira ngati lagona panja. Lina linanunkha utsi wa nkhuni. Lina linasiya fumbi lofiira pa nsalu ya patebulo, ndipo Felesiya analisonkhanitsa ndi chala, naliyang'ana, osalipukuta. Galu wa aneba, amene ankauwa chilichonse ngakhale njinga, anasiya kuuwa. Amangokhala pageti kuyang'ana kumsewu, makutu ali njo.

Mantha? Ayi, ndikanama ndikati amaopa. Chimene chinalipo n'chakuti pa tsiku lonse, mphindi imodzi yokha ija foni ikati ti! ndi imene Felesiya amamva kuti ali moyo. Mwamuna wake anali pamsewu, akubwera. Anachapa mashiti. Anasita malaya ake awiri. Nsapato zija anazichotsa kuseri kwa chitseko n'kuziika pakhonde.

Lachisanu a Nangozo anaimba foni.

"Alamu, mwaswera bwanji? Ine sindikugona kuno. Ndikufunseni, ndipo musandizembe. Mitsinje ija munamuuza yonse?"

"Ndinamuuza."

"Yonse?"

"Eya."

Kumbuyo kwa a Nangozo kunkamveka phokoso la msika. "Chabwino. Kungoti adzukulu akuti dothi la pamanda paja silikukhazikika, lili fwankha ngati aundira dzulo. Ndipo ine ndikalota mlongo wanga ndimangomuona msana."

Tsiku limenelo lisiti linati tiyi wopanda banzi, Kamphata, ndipo m'thumba munatsala K2,500. Loweruka foni inati palibe chowerenga. Lamulungu chimodzimodzi. Felesiya anajambula mapepala khumi ndi awiri, kuwatembenuza uku ndi uku, osalira kalikonse. Masiku awiri munthu osamwa ngakhale tiyi, ndalama ali nazo. Anakhala patebulopo mpaka chakudya chinazizira m'mbale.

Lolemba foni inalira. Manachesi mulu umodzi, K2,500, Nathenje. Zotsala: palibe.

Ledisoni sankadya manachesi. Ankamuyambitsa chilungulira, ngakhale fungo lake ankadana nalo. Wokonda manachesi m'nyumba imeneyo anali Felesiya, ndipo mwamunayo sankabwera kuchokera kuulendo chimanjamanja.

Felesiya anaimba yekha kwa a Nangozo. Mawu ake anali omwe aja ouma.

"Alamu, ndinanama. Pa Linthipe sindinanene. Ndinali pafoni."

"Mayo ine!" anakuwa a Nangozo. "Pafoni! Mlongo wanga kumusiya pamlatho chifukwa cha foni!" Anatukwana pang'ono, analira pang'ono, kenako anamina. Felesiya anawafotokozera za malisiti, mpaka pa manachesi.

"Ali pa Nathenje," anamaliza. "Masiku anayi kapena asanu afika. Mwina ndingomusiya afike, alamu. Kuno n'kwawonso. Ndachapa."

"Mwachapa! Tamverani alamu, ine ndikuuzeni mosapsatira. Akafika pakhomo panupo salowa. Sangalowe. Adzaima panja pa chitseko, mvula, dzuwa, chaka ndi chaka, inu mukumumva kupuma koma osamuona. Sadzakhala pansi, sadzagona. Munthu ameneyo anagwira ntchito zaka makumi awiri, watopa. Mukumufuna, ndikudziwa, inenso ndikumufuna. Koma mukamusunga mukumusungira inuyo, osati iyeyo. Ndipo ine sindingakamutenge, sandimva. Nkhani ili ndi inu."

Felesiya anadula foni, natuluka pakhonde, nayang'ana nsapato zija. Zinali zitagwa mame. Anazilowetsa m'nyumba.

M'mawa sanapite kuntchito. Anakwera minibasi ku depoti, natsika pa Nathenje dzuwa litakwera ndithu. Anafunsa ogulitsa manachesi mmodzimmodzi, mpaka anafika pa mayi wina wonenepa wa duku lobiriwira. Mayiyo atangomva funsolo anasiya kupanga milu.

"Bambo a suti aja? Ndi abale anu?"

"Amuna anga."

"Ii, pepani. Akudwala eti? Anafika dzulo chakumadzulo, suti yabwino koma fumbi lokhalokha, kuphazi patapata. Anasankha okha, limodzilimodzi, kufinya kuti aone lakupsa. Ndalama zawo zozizira, zonunkha dothi, moti ndaziika padera, sindinazisakanize ndi zinzake." Anakonza duku lake. "Nkhope yawo ndiye musandifunse. Ndinawayang'ana ndithu, koma ndikati ndikumbuke ndikungoona tayi. Ndiye pomaliza akuti, mayi, lisiti. Ine kuseka. Lisiti la manachesi? Iwo anangoima, kudikira. Tsitsi linandiima, mayi. Ndinawerama kuti ndifune kapepala kalikonse, podzuka palibe munthu."

"Analowera kuti?"

Mayiyo analoza ndi mlomo cha ku Lilongwe.

Felesiya anayenda m'mbali mwa msewu. Malole akudutsa, anthu a njinga za makala akumupatuka, dzuwa likuwala koma losatentha. Atayenda ngati theka la ola anaona jumbo yabuluu ili pa khoma la kalavati, yomangidwa bwino pakamwa, mfundo yake ya munthu wosunga katundu. Panalibe munthu pafupi. Mbuzi zimene zimadya m'mbali mwa msewu zinali zitazungulira patali, malo amenewo kuwasiya. Atayandikira, phokoso la msewu linachepa ngati watseka zenera, ndipo mbali imodzi ya thupi lake, ya kumanzere, inazizira.

Anakhala pakhomapo, pambali pa jumbo. Sanayang'ane kumanzere. Pansi, pafumbi, panali mapazi a patapata, lina lokoka.

Anakhala nthawi yaitali. Kuchokera pamenepo kukafika ku Area 25 ndi minibasi ziwiri zokha. Anaziwerenga m'mutu, anawerenganso. Kenako anamva kupuma, kwapansipansi, kwa munthu amene wayenda kwambiri ndipo akuyesetsa kuti mnzake asadziwe kuti watopa.

"A Ledisoni," anatero. "Ndine. Manachesi ndalandira, zikomo. Koma njira si iyi. Ndinakusocheretsani ndine. Tiyeni."

Ananyamula jumbo, nawoloka msewu, naimika minibasi yopita ku Ntcheu.

"Awiri," anauza kondakitala, napereka ndalama.

"Winayo ali kuti?"

"Ndalipira. Malowa asakhalepo munthu."

Kondakitala anaseka, napinda ndalama pachala. Kondakitala ndi kondakitala, pa Kamphata anakweza bambo wina wa chikwama n'kumulozera pomwepo. Bamboyo anangotsitsa thupi pang'ono, nadzuka msangamsanga mpaka kugunda mutu kudenga. Anapita kukadzipanikiza kumbuyo pa anthu anayi, ndipo ulendo wonse anayang'ana pawindo. Mpando uja unali wolobzoka pakati, ngati mmene umakhalira pakakhala munthu.

Pa mlatho wa Nathenje Felesiya anali atanena kale chapansipansi, anthu osamva. Pa Diamphwe ananena mokweza: "A Ledisoni, tikuwoloka Diamphwe. Tiyeni." Atsikana awiri kumbuyo anayamba kuseka, mayi wina anawatsina, kuseka kunatha. Dalaivala, bambo wa imvi m'ndevu, anayang'ana pagalasi, natseka wailesi. Kuchokera pamenepo m'minibasi munalibe wolankhula. Ngakhale nkhuku imene inali pansi pa mpando inangoti chete.

Anadutsa Chimbiya. Msewu unayamba kutsetsereka, mlatho wa Linthipe uwo ukuoneka. Felesiya anatsegula pakamwa, natsekanso. Kuzizira kuja kunali kutatsamira paphewa pake, mmene ankatsamirira mwamuna wake akamasinza m'basi. Akangonena, ndiye kuti basi. Sipadzakhalanso ti! wa madzulo, sipadzakhalanso wobwera.

Minibasi inachepetsa liwiro, inapatuka, inaima mlatho usanayambe. Dalaivala sanatembenuke.

"Mayi," anatero, "ife sitikuthamangira kulikonse."

Inu munamvapo dalaivala wa minibasi akunena mawu amenewo? Anthu khumi ndi asanu ndi atatu anakhala phee, injini ikulira yokha, madzi akumveka pansi pa mlatho. Palibe anadandaula, palibe anayang'ana wotchi.

"A Ledisoni," anatero Felesiya. "Pano ndi pa Linthipe. Ndi pano ndinakusiyani. Tikuwoloka tsopano. Musatsalenso. Tiyeni kwanu."

Dalaivala analowetsa giya, nawoloka pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira.

Pa Lizulu a Nangozo anali akudikira ndi akuluakulu awiri a kubanja. Sanapatsane moni wautali. Anayenda wapansi njira ya kumudzi, a Nangozo patsogolo, Felesiya pambuyo, ndipo pakati pawo anasiya mpata wa munthu mmodzi. Pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi, kongodumpha, Felesiya ananenanso. Atafika m'mphepete mwa msitu wa manda dzuwa litapendeka, onse anaima.

"Mwafika," anatero Felesiya. "Gonani tsopano."

Kuzizira kuja kunachedwa pang'ono paphewa pake. Kenako kunachoka. Masamba ouma anamveka tswa, tswa, kulowa m'mitengo, phazi lina likukoka, mpaka osamvekanso. A Nangozo anagwa pansi n'kulira mokuwa, kutchula mlongo wawo dzina la paubwana. Felesiya anangoima, jumbo ili m'manja, maso ouma. Dzanja lake lamanzere linayamba kumva kutentha kwa dzuwa.

Anagona kwa a Nangozo. M'mawa anamuperekeza kumsewu, namukweza minibasi ya ku Lilongwe, yodzaza ndi matumba a mbatata ndi anthu opita kukagula katundu. Anamupanikiza pakati pa zenera ndi bambo wina wonenepa amene amakangana ndi munthu pafoni za mtengo wa feteleza. Kondakitala anatambasula dzanja, Felesiya anapereka ndalama osayang'ana.

Kondakitala anawerenga, nabweza zina.

"Mwapereka za awiri, mayi. Muli ndi wina?"

Felesiya anatembenukira kumanzere. Bambo wa feteleza uja anamuyang'ana, nasendeza chigongono.

"Ayi," anatero. "Ndili ndekha."

Mawuwo atangotuluka, chinthu chinang'ambika pachifuwa pake. Kunatuluka kulira kumene kunakana kuchipatala, kunakana pamphasa, kunakana kumanda, kulira kwa mkazi amene mwamuna wake wamwalira. Bambo uja anadula foni. Felesiya analira kuchokera pa Lizulu mpaka ku Lilongwe, ndipo palibe amene anamuletsa.